Jezi ya Tolliver ndi Ulusi Wakuda

Panali munthu wina mumzinda wa Toledo, dzina lake Wendell Kaczmarek. Bambo ake, a Casimir, anachapa mayunifolomu a timu ya besibolo, masewero omenya mpira ndi ndodo, kwa zaka makumi atatu. Moyo wawo wonse ankanena kuti Rufus Tolliver, katswiri wa timuyo, anawapatsa jezi imene anavala pa masewero ake omaliza mu 1957. Palibe anawakhulupirira. Kumowa anzawo ankawaseka: "A Casimir, nanga nsapato sanakupatseni? Nanga mkazi wake?" Anamwalira akutchedwa abodza.

Wendell anafuna kuyeretsa dzina la bambo ake. Anaimbira foni mayi Loretta Pruitt, amene ntchito yawo ndi kufufuza ngati jezi yakale inavalidwadi pabwalo ndi munthu amene akunenedwayo.

"Mubwere nayo Lachisanu," anatero mayiwo. "Koma musaichape, musaisite, musasokepo kanthu. Ibwere momwe ilili."

Ataitulutsa m'bokosi, Wendell anachita manyazi. Paphewa panali dothi lofiira louma. Mkono unang'ambika, ndipo wina anausoka mothamanga ndi ulusi wakuda. Batani lachitatu linali losiyana ndi anzake.

"Ndipite ndi chisanza ichi?" Wendell anafunsa mkazi wake Doreen. "Akanena kuti tinachitola kudzala."

"Mayi aja anati chiyani?"

"Mayi aja sanaione."

"Inu bambo, za zovala munazidziwa liti? Ndi masokosi omwe ndimakusankhirani ndine. Isiyeni."

Wendell sanamve. Pa chionetsero cha osonkhanitsa zinthu zakale zamasewero anakumana ndi telala wina amene sanamuonepo. Telalayo anati, "Ndipatseni masiku atatu, achimwene, muiiwala kuti ndi yomweyi." Ndipo sananame. Jezi inabwera yoyera mbee, mkono wosokedwa bwino, mabatani onse ofanana.

Lachisanu mayi Pruitt anamulandira ndi nkhope yowala. Anali atafufuza sabata yonse m'manyuzipepala akale, ndipo anapeza chithunzi cha tsiku lomalizalo. Anachikuza n'kuchiika patebulo. Pachithunzipo Tolliver anali kudzuka pansi, dothi paphewa, msoko wakuda pamkono, batani lachitatu losiyana ndi anzake.

"Ndi yomweyo!" anafuula Wendell. "Bambo sananame!"

Mayiwo anavala magolovesi, nayala jeziyo pafupi ndi chithunzi. Anaitembenuza kawiri. Kenaka anakhala pansi.

"Ulusi wakuda uli kuti?"

"Ndinakonzetsa pang'ono. Inali yosaoneka bwino."

"Munaijambula musanakonzetse?"

Wendell anapukusa mutu.

"Bambo Kaczmarek, majezi a chaka chimenecho alipo ambiri, ena enieni, ena opanga. Nambala aliyense angathe kusokerera. Chimene munthu sanganamizire ndi kung'ambika ndi msoko zogwirizana ndi chithunzi. Ndingalembe kuti nsaluyi ndi ya nthawi imeneyo. Koma kuti anaivala Tolliver, sindingasainire."

"Komatu ndinauona ulusiwo ndi maso angawa!"

"Ine ndakukhulupirirani. Koma amenewo ndi mawu chabe, ndipo mawu bambo anu anali nawo kale."

Wendell anaimbira telala uja pomwepo. Batani ndi ulusi zinali zitapita ndi zinyalala Lachitatu.

Akupinda jeziyo, mayi Pruitt analankhula motsitsa mawu. "Mwina simukudziwa. Masiku amenewo timu sinkakhala ndi telala. Chikang'ambika, ankasoka ndi wochapa. Msoko munachotsawo unali dzanja la bambo anu."

Phunziro: Wodziwa ntchito akakuuzani kuti musakhudze, musakhudze, ngakhale chinthucho chikukuchititsani manyazi. Chilema cha chinthu chakale nthawi zina ndiye mboni yake yokhayo. Tumizani nkhaniyi kwa abale ndi anzanu amene akusunga zinthu za makolo awo, asanazipereke kwa wozikonza.