Chimbale cha Telala Wilfred

Nyimbo ija itayambanso kachisanu ndi chiwiri, Rabecca analavula malovu pambali pa mphasa.

Anali atayenda masiku awiri kuchokera kwawo ku Vubwi kudzaona mng'ono wake Ottilia, amene anatengedwa chitengwa ndi Wilfred, telala wa m'mbali mwa msewu wa ku Katete. Munali m'chaka cha 1926, ndipo anthu ankati dera lonselo kunalibe munthu wakuda wina wokhala ndi makina osokera. Makinawo Wilfred anabwera nawo kuchokera ku Halale, pamodzi ndi galamafoni ndi chimbale chimodzi chokha: malipenga, ndi mawu a mkazi wachizungu olira ngati mbuzi yopanika pampanda. Amtengatenga ndi amuna opita kukafuna ntchito kum'mwera akangoimva nyimboyo, ankadziwa kuti telala alimo.

Alimo, koma osatuluka kudzalonjera mlamu wake. Rabecca anafika dzuwa lili paliwombo, mapazi atang'ambika, ndipo tsopano mthunzi wa nyumba unali utafika pankhokwe. Chitseko cha chipinda chosokera chinali chitsekere.

Ottilia anapepesa kuti abambo ntchito yawachulukira, ndipo sakonda kusokonezedwa. Ankalankhula atakhala m'mphepete mwa mphasa, khutu lili kuchitseko. Nyimbo ikangoti zii, ankadzambatuka nkuthamangira m'kati, chitseko gwa. Malipenga aja nkuyambiranso, makina nkumalira. Patapita nthawi ankatuluka thukuta lili kamukamu, nkupitiriza kufunsa za kumudzi ngati palibe chachitika.

Rabecca anayamba kudzifunsa. Ndiye kuti mwana wa amayi ake anakwatiwa kuti azigwada pambali pa mwamuna nkumamupukusira chidole choimba nyimbo? Anamuyang'anitsitsa Ottilia. Mtsikana amene anachoka kwawo masaya ali phwii tsopano mafupa a m'khosi anali poyera, maso ali psuu, zala zili ndi timabala. Anakumbukira mmene Wilfred ankabwerera kudzafunsira mbeta, tsitsi litanyowa mafuta onunkhira, akapereka moni wa pamanja kwa akuluakulu nkumapukutira dzanjalo kuthalauza. Rabecca sanamukondepo kuyambira tsiku limenelo.

Kenaka panafika mphunzitsi wina wa sukulu ya mishoni, a Gilbert, atanyamula nsalu ya jekete. Wotuluka kudzawayesa anali Ottilia yemweyo. Anatenga chingwe, nkuwazunguliza nacho pachifuwa ndi m'chiuno, akumanga mfundo. Rabecca anayang'ana kumbali. Mkazi wapabanja kumagwira m'chiuno mwa mwamuna wa eni, mwamuna wake ali phee m'nyumba kumvetsera malipenga. Mphunzitsiyo anayamikira kuti masiku ano msoko wa a Wilfred ukuwongoka kuposa kale, nakweza mawu kupereka moni chakuchitseko. Sipanamveke yankho. Ottilia anaseka mwamanyazi, nati ndi nyimboyo abambo samva kanthu.

Mphunzitsi atapita, Ottilia anaphika mbatata, napatula zazikuluzikulu kukapereka m'kati. Anabwerera nazo zosakhudzidwa. Anati abambo alibe njala.

"Kodi amakumenya?" anafunsa Rabecca.

"Iyayi, akulu. Idyani, zizizira."

Rabecca sanadye. Ankangomva fungo la mafuta a makina lomwe linali pansalu ya mng'ono wakeyo. Anamuuza mosabisa kuti mawa m'mamawa amange katundu, abwerere limodzi ku Vubwi. Atsibweni awo anali atamusungira munda wa kudimba, ndipo kunyumba kwa amayi ake palibe amene akanamusandutsa kapolo wa galamafoni. Ottilia anangoweramitsa mutu, nkumatokosa dothi ndi kamtengo. Anati sangachoke, pali makabudula asanu a anthu onyamuka mawa, ndi jekete ija. Rabecca anafunsa ngati wosoka ndi iyeyo kuti zimudetse nkhawa. Asanayankhe, nyimbo inatha, ndipo Ottilia anaimirira nkulowa m'kati ngati wakokedwa ndi chingwe.

Malipenga anayambanso. Mkazi wachizungu uja anayambanso kulira.

Apo Rabecca zinamukwana. Anamanga nsalu yake zolimba m'chiuno. Mwambo wakuti mlamu salowa kuchipinda kwa mwamuna wa mng'ono wake anausiya pamphasa pomwepo. Mawu oti akamulavulire Wilfred anali atawakonza kale: kuti ndi munthu wonyada ngati tambala wa pamudzi wopanda nkhuku zina, kuti kwawo sanapereke mwana wawo kuti adzamuumitse chonchi, ndiponso kuti chimbale chakecho achiswera pamwala iye akuona. Anakankha chitseko ndi phewa.

M'chipindamo munali mdima pang'ono, kuwala kukulowera pakazenera kamodzi. Galamafoni inali pabokosi. Pakhoma panali msomali wokolekapo chipewa, koma chipewa panalibe. Pamakina panali Ottilia yekha, msana utapindika, dzanja lina likupukusa, lina likuwongola kabudula.

"Alamu ali kuti?"

Ottilia sanaimitse makina. "Tsekani chitseko, akulu. Anabwerera ku Halale ndi mkazi wina chimanga chisanache. Nyimboyi ndimanyansidwa nayo kuposa inu, koma tsiku limene idzaleke, amuna adzasiya kubweretsa nsalu, ndipo abale ake adzabwera kudzanyamula makinawa."