Kafungo Chabe

"Ndi kafungo chabe, mayi, simufa nako," adatero abwana, tsiku limene wotsuka mabotolo m'labotale adadandaula kuti makina okoka mpweya woipa afa.

Mayiyo adangopitiriza kutsuka timabotolo ta poizoni wa aseniki, wonunkha ngati adyo wowola. Fungolo lidamulowerera m'thupi. M'basi anthu ankamusiyira mpando wonse. Mwamuna wake adasamukira pabalaza, ati kuchipinda kukutentha.

Atagonekedwa m'chipatala, chiwindi chitawonongeka, abwana aja adabwera kudzamuzonda. Adaima pakhomo, nthochi zili m'manja, kampango kali pamphuno.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

Mayiyo adasendera movutika, n'kuwalozera pokhala m'mphepete mwa bedi.

"Fikani pafupi, bwana. Ndi kafungo chabe."