Zitenje za Graciete

Panali mayi wina ku Quelimane, dzina lawo a Ermelinda, ogulitsa makeke a kokonati pamsika. Nkhaniyi ndinaimva kwa munthu amene analipo tsiku lomwe bokosi lawo linatsegulidwa.

Chibadwire mwana wawo Graciete, mayiwa ankagula chitenje chimodzi chaka chilichonse n'kusunga. Kumeneko mtsikana akamakwatiwa, bokosi la zitenje zake limatsegulidwa pamaso pa azakhali a mwamuna, ndipo ulemu wa mayi umaonekera pomwepo. Pansi penipeni pa bokosilo panali chitenje cha malemu amayi awo, chomwe anaberekedwa nacho a Ermelinda iwowo ali khanda. Chimenecho analonjeza kuti adzamuveka Graciete ndi manja awo tsiku la ukwati.

Vuto lawo linali kukonda zowala. Chitenje chilichonse ankachiviika m'phala lamadzimadzi la chinangwa, n'kuchisita mpaka chiume gwa. Akatero ankachikulunga m'nyuzipepala n'kuchitsekera m'bokosi la matabwa kunsi kwa bedi, mogundiza khoma lomwe nthawi ya mvula limachita thukuta.

Tsiku lina akuikamo chitenje chatsopano, mlamu wawo a Zainabo, omwe ndi telala, anali pomwepo. Anaona kachilombo kotuwa, konyezimira ngati kansomba, kakuthamanga kukalowa mumng'alu wa thabwa.

"Mlamu, mwakaona kameneko? Ndi njenjete. Ndipo inu ndi amene mukuziphikira. Chinangwachi n'chakudya chake, nyuzipepala n'chimodzimodzi, chinyezichi ndiye kwawo kwenikweni. Chapani zonse phalali lichoke, muyanike padzuwa, musunge m'chidebe chotseka bwino. Bokosili lichoke kukhomako."

"Ndiyanike panja? Kuti anthu onse awerenge? Mawa lomweli a uje abwere, ati tibwerekeniko tikavale ku ubatizo. Iyayi mlamu, inu zisokani madiresi anu."

"Ndiye yanikani kuseri."

"Kuseri kulibe maso?"

A Zainabo anangogwira pakamwa n'kumapita.

Graciete nayenso ankapempha kawirikawiri. "Amayi, cha agogo chija ndingochionako."

"Udzachiona tsiku lake. Ukuthamangira kuti?"

Komabe mawu a mlamu aja ankawasowetsa mtendere. Ndiye kunafika bambo wina panjinga, wovala shati yoyera, atanyamula botolo ndi kopopera. Palibe ankamudziwa.

"Mayi, mankhwala awa ndi ochokera ku Joni. Ndikapopera, mutseke bokosi. Musatsegule chaka chathunthu, mphamvu yake ingatuluke."

A Ermelinda mtima unangoti myaa. Ameneyu sankanena zoyanika, sankanena zochapa. Ankanena zimene iwo ankafuna kumva. Anamulipira, anapopera madzi onunkhira ngati sopo, ndipo iwo anakhoma loko n'kuvala kiyi m'khosi. Atakumana ndi a Zainabo anawauza monyada kuti, "Akatswiri athana nazo, mlamu." Bambo uja sanaonekenso.

Mvula inagwa, inatha. Graciete anapeza mwamuna. Kutatsala tsiku limodzi ukwati, azakhali atatu a mnyamata anafika, anayaliridwa mphasa, bokosi linakokedwa kuikidwa pakati. A Ermelinda anavula kiyi m'khosi mwapang'onopang'ono, kuti aliyense aone.

Atangotukula chivindikiro, njenjete zinabalalika mbali zonse. Nyuzipepala inali itasanduka zinyenyeswa. Anatenga chitenje choyamba, kuchitambasula, kuwala kwa pakhomo kunadutsa m'mabowo. Chachiwiri chinali ndi madontho achikasu, maluwa ake atapalidwa. Chachitatu chinang'ambika m'mapindo momwe, chili m'manja.

Azakhali aakulu anatsokomola. "Kodi asewere, izi ndi zitenje kapena maukonde ophera nsomba?"

Anzawo anabisa nkhope m'mipango, mapewa akugwedezeka. A Ermelinda manyazi anawagwira, koma panthawiyo za azakhaliwo analibe nazo ntchito. Ankataya zitenje pambali, kukumba kufuna pansi. Anachipeza. Chitenje cha amayi awo ndi chimene anachipaka phala kambirimbiri, ndiye ndi chimenenso chinadyedwa koposa. Atachinyamula chinagwa zidutswa zinayi.

Graciete anagwada, natola chidutswa chimodzi, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye chinali chobiriwira," anatero. "Amayi, zaka zonsezi ine ndimaganiza kuti n'chofiira."

Apo mayiwo analira mokuwa, ngati amayi awo amwalira kachiwiri.

A Zainabo sananene kuti ndinakuuzani. Anatola zidutswazo, anapita nazo pamakina awo, anadula malo otsala abwino n'kulumikiza. Panatuluka kampango kongokwana kumutu. Mawa lake a Ermelinda anam'manga nako Graciete ndi manja awo, monga analonjezera. Chitenje cha m'chiuno anachita kubwereka kwa a uje omwe aja, amene ankaopa kuti adzawabwereka.

Phunziro: Njenjete zimakonda mdima, chinyezi, mapepala ndi nsalu yopakidwa phala. Musasunge zovala musanazichape phalalo. Muzitsegula mabokosi, muziyanika zinthu padzuwa, muzisesa kunsi kwa bedi, ndipo katundu asagunde khoma lonyowa. Wachibale akakuuzani zowawa, mumvereni; mlendo akakuuzani zokhazokha zimene mumafuna kumva, musamale naye. Ndipo chinthu chimene mukusungira mwana wanu, muonetseni chikadali chathunthu. Tumizirani ena uthengawu, makamaka amene mukuwadziwa kuti ali ndi bokosi lokhoma kunsi kwa bedi.