Kabotolo Kofiira ka a Penti

Makina ozunguza magazi ataima, mlamu wa a Penti anatulutsa tibotolo tiwiri, n'kutiimika pathebulo, kenako n'kuyang'ana wotchi.

"Teni koloko, alamu. Tiyi sadikira munthu," anatero mayiyo. "Musakhudze kanthu. Manja anuwo ndimawadziwa."

Anatuluka. M'labu, chipinda choyezera magazicho, munatsala a Penti okha ndi tibotolo tija.

Dzina loti a Penti linabwera ndi ntchito. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi bamboyu wakhala akupaka mankhwala pa kanyula, kapaipi kapulasitiki kaja anamwino amalowetsa mumtsempha poika dripi. Kanyula akakhalitsa pamkono, tizilombo timayendapo ngati pamlatho mpaka kulowa m'magazi, ndipo wodwala amene anabwera ndi nthenda imodzi amagona ndi ziwiri. A Penti ankafuna mankhwala opaka oti azipha tizilomboto. Kupha kokha sikunali kovuta, ngakhale sopo amapha. Nkhani inagona poti mankhwalawo asamaphulitsenso maselo a magazi a wodwalayo.

Woyeza zimenezi anali mlamu wawoyo, mng'ono wa mkazi wawo, mayi wa pakamwa posatseka. Ankaponya kachidutswa ka kanyula m'kabotolo ka magazi, n'kukafunditsa ngati thupi la munthu, kenako n'kukazunguza pamakina. Maselo akakhala bwino ankakhazikika pansi, madzi apamwamba n'kukhala achikasu. Akaphulika, madziwo ankafiira psuu.

Kasanu konse kabotolo ka a Penti kanafiira. Kasanu konse mlamuyo anakafotokoza nkhaniyo kunyumba pamaso pa mkulu wake, mothira ndi mchere womwe. Chowawa kwambiri n'choti magazi oyezerawo ankawatenga pamkono pa a Penti omwewo.

"Magazi anu omwe akukukanani," ankatero, "nanga a eni ake adzatani?"

Lero unali ulendo wachisanu ndi chimodzi, ndipo unali womaliza. Abwana anali atanena mosapita m'mbali kuti zikakanikanso, chipinda cha a Penti chitsekedwa, iwo azikatsuka mabotolo mpaka tsiku lopuma pantchito. Komanso ulendo uno panali wopikisana naye, dokotala wa chipinda choyandikana, amene anali atabweretsa mankhwala akeake opaka. Dokotala wachizimayi ameneyu sanalepherepo kanthu. Ngakhale duwa la pawindo pake linkaphuka chaka chonse.

Kuti woyeza asakondere mlamu wake, abwana anadula okha tizidutswa tiwiri tofanana, n'kumata manambala patibotolo, mayina a eni ake n'kuwatsekera mu envelopu. Lamulo linali lakuti zotsatira zilembedwe kaye ndi kusayinidwa, envelopu itsegulidwe pambuyo.

A Penti anawerama n'kusuzumira. Nambala wani anali wachikasu, wokongola ngati uchi. Nambala thu anali atafiira.

Kufiira kumeneko ankakudziwa ngati nkhope ya m'bale wawo. Mtima unawawa, ndipo anachita manyazi nkhani isanafike n'komwe kunyumba. Mvula ikakuona litsiro sikata, anadandaula chamumtima. Anadziona atavala epuloni, manja ali m'thovu, dokotala uja akudutsa n'kuwapatsa moni wachisoni.

Ndiye diso linagwa pa timapepala ta manambala. Guluu wake anali wotchipa. Kangodya ka nambala thu kanali katatukuka kale, ngati kakuwaitana.

A Penti sanali wakuba. Chenji akapatsidwa yochuluka ankabweza. Koma anayamba kudzinyengerera, ndipo munthu akamadzinyengerera sasowa mfundo. Kanyula sapita kwa odwala mawa, pali mayeso ena kutsogolo. Miyezi itatu yokha, adzakonza mankhwalawo mwakachetechete. Dokotalayo ndi wamng'ono, adzapambana zina. Ndipo pakadafunda padajiwitsa galu.

Chikhadabo chinagwira ntchito yake. Mphindi isanathe kabotolo kofiira kanali nambala wani, kachikasu kanali nambala thu. A Penti anapukuta thukuta, n'kukakhala pampando wakutali kwenikweni, manja atapinda ngati mwana wa sukulu tsiku loyendera.

Mlamuyo analowa akutafuna.

"Mwakhala mwaulemu bwanji lero? Mukudwala?"

"Ndikupemphera, alamu."

"Pempherani ndithu."

Mayiyo anakweza tibotolo poyera, n'kutiyeza pamakina owerengera kufiira, kenako n'kulemba m'buku lalikulu. Nambala wani: maselo aphulika, walephera. Nambala thu: magazi ali bwino, apite ku mayeso otsatira. Anasayina, nadinda chidindo mwamphamvu mpaka tibotolo tinanjenjemera.

A Penti anali atakonzeratu nkhope yodabwa. Anali atakonzanso mawu oti akamuuze dokotala uja, mawu achifundo, oti asataye mtima, ntchito imeneyi ndi yofuna kupirira. Ankangodikira kuona pakamwa pa mlamu wawo patatsekeka kamodzi kokha m'moyo.

Mlamuyo anang'amba envelopu. Anawerenga, ndipo pakamwa panatsekekadi. Atadzutsa mutu, m'maso mwake munalibe chipongwe ngakhale pang'ono, munali chisoni chenicheni.

"Pepani alamu. Ulendo uno ndinali nditakhulupirira, ndipo kunyumba sindikanena kanthu," anatero motsitsa mawu. "Yanu ndi nambala wani."

Kabotolo kachikasu kaja kanali kawo. Patatha zaka zisanu ndi chimodzi, mankhwala a a Penti anali atagwirizana ndi magazi. Padziko lonse ankadziwa ndi munthu mmodzi yekha, ndipo kuti anene, anayenera kuyamba wafotokoza zimene chikhadabo chake chinachita.