Mlandu wa Anapiye a Thadzi

Padangokhala Thadzi, yemwe Mphamba ankamulanda anapiye. Tili tonse! Iye anakadandaula kwa Kadzidzi ndi Khwangwala, akadaulo a malamulo a mbalame.

"Mayi, lamulo limaletsa kulowa m'khola la mwini," anatero Kadzidzi. "Koma Mphamba salowa, amangotsomphola akuuluka. Kodi kumeneko n'kuba?"

"N'kuba kumene!" anatsutsa Khwangwala.

Mtsutso unakoma, mbalame zonse zikukupiza mapiko. Uku Mphamba ankabwerabe.

Dzinja litatha, awiriwo anagwirizana kuti n'kubadi. Anauza Thadzi kuti abweretse anapiye otsala adzachitire umboni.

"Atha onse, mabwana," anayankha Thadzi.

Kadzidzi anaphethira. "Pepani mayi, popanda mboni palibe mlandu."

Thadzi anabwerera kukhola, nakakhalira mazira ena. Nthano yanga yafera pomwepa.