Blantyre Kapena Lilongwe

"Khrisimasi ino kaya ku Blantyre, kaya ku Lilongwe, sindinasankhe," anadzitama a Goodman pabawo pa Migowi.

Akazi awo, a Eneless, omwe ankagulitsa nandolo chapafupi, anangotsonya. Ulendowu anawalonjeza tsiku la ukwati, koma mpaka imvi kumera bambowo anali akusankhabe.

Minibasi ya ku Limbe itaima, a Eneless anatulukira ndi chikwama.

"Iwe, ukupita kuti?"

"Ku Blantyre! Mabodza anuwo andikwana! Inu tsalani muzisankha!"

"Ndalama wazitenga kuti?"

"Mwandilipirira ndinu, bambo. Anzanuwa ndi mboni."

A Goodman anacheuka. Mnzawo wa pabawo, Wyson, ankayesa mabuleki a njinga ya a Goodman modekha, monga achitira munthu amene wangogula kumene.