Bambo Amene Anaba Mwana Wake Yemwe

Panali munthu wina wake, makaniko wa njinga zamoto, amene banja lake linatha. Khoti linagamula kuti mwana wawo wamkazi azikhala ndi mayi ake, koma bambo azimutenga Loweruka lililonse. Bamboyo sankaphonya. Mwanayo ankakhala pa tayala lakutha pagalaja n'kumapatsira bambo ake masipanala, pobwerera zala zili bii.

Kenako mayi uja anakwatiwanso n'kusamukira kutali, ulendo wa tsiku lonse pa basi, osatsanzika n'komwe. Makaniko akaimba foni, ankayankha ndi mwamuna watsopanoyo: "Mwana wagona." Dzuwa lili paliwombo, ati wagona.

Makaniko anapsa mtima, ndipo kunena zoona anali ndi chifukwa. Mlongo wake anamukhazika pansi.

"Achimwene, bwererani kukhoti. Mayiyo waphwanya chigamulo. Mukakadandaula amuitanitsa, akonzanso masiku kuti mwana azibwera patchuthi. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Mwana ndinabereka ndekha, khoti silinandithandize," iye anayankha. "Ndikaimenso pamzere kupempha magazi anga omwe?"

Munthuyu anali wankhutukumve. Anatseka galaja, n'kukwera basi, n'kufufuza mpaka anapeza sukulu ya mwanayo. Anadikira pageti nthawi yopuma. Mwana atamuona anathamanga n'kumukumbatira.

"Tiye kwathu," anatero bamboyo.

"Ndikatsanzike kaye kwa aphunzitsi, ababa."

Bamboyo anadziwa kuti aphunzitsi akamva aimbira mayi a mwanayo. Apa m'pamene anachita chinthu chonyansa. "Nthawi palibe. Amayi ako agundidwa ndi galimoto, tiye kuchipatala."

Mwanayo anakhulupirira, poti bambo ake anali asanamunamizepo. M'basi ankangolira, akufunsa kuti, "Ali moyo? Ababa, ali moyo?" Basi itadutsa chipatala n'kutuluka m'tauni, anayamba kukuwa ndi kumenya galasi. Mayi wina amene anakhala kumbuyo kwawo anauza dalaivala kuti aime pamene panali apolisi. Kunapezeka kuti a kusukulu anali atakanena kale zoti mwana wasowa. Makaniko anamangidwa unyolo mwana wake akuona.

Pa tsiku la mlandu woweruza sanapsatire mawu. "Mukanabwera kuno musanachite zimenezi, woyankha mlandu akanakhala mayiyu. Lero ndinu."

Makaniko anakakhala kundende, galaja n'kutha. Atatuluka, za Loweruka zinali zitafufutidwa. Analoledwa kuonana ndi mwana mwa apo ndi apo, mu ofesi ya zosamalira ana, pamaso pa mayi wa mu ofesimo.

Tsiku loyamba anavala bwino, atanyamula nsapato zatsopano za mwana. Mwanayo atafika anaima pakhomo, osalowa.

"Bwera mwana wanga, ndine bambo ako."

Mwanayo sanamuyang'ane. Anagwira dzanja la mayi wa mu ofesi uja n'kunena chapansipansi, "Chonde chitseko musatseke. Bambowa amanama."

Phunziro: Akakusamutsira mwana kutali n'kukutsekera njira, mtima umawawa, koma bwerera kumene anagamula ukadandaule, usatenge lamulo m'manja mwako. Ndipo zivute zitani, usanamize mwana pofuna kukhaulitsa mayi kapena bambo ake, chifukwa khoti litha kukubwezera masiku koma silingakubwezere mtima wa mwana. Tumizani nkhaniyi kwa makolo onse amene anasiyana, mwina mupulumutsa wina asanakwere basi.